Mphatso ya Khirisimasi kwa Anzathu Ogwira Cholembera

Disembala uja wafikanso. Kuno ku Perth dzuwa layamba kuswa mtengo, ndipo masana aliwonse tikudikira kamphepo kochokera kunyanja kaja eni dziko amakatcha Fremantle Doctor. Kumudzi mvula yagwa, anthu ali kalikiliki kubzala ndi kupalira, ana akuwerenga masiku otsala kuti adye mpunga wa nkhuku atavala malaya atsopano. Iyi ndi nyengo imene aliyense wa ife amakhala pansi n'kulemba mndandanda wake: mayi chitenje, bambo nsapato, alamu foni, ana a achimwene yunifolomu. M'kalata ino tikufuna tikambirane za munthu mmodzi amene pamndandandawo timamudumpha, kapena tikamukumbukira timamugulira zosamuthandiza. Munthuyo ndi uja amalemba.

Tikati wolemba musathamangire kuganiza za anthu okhawo amene maina awo ali pazikuto za mabuku. Pakati pathu pano alipo mayi amene amapeka nyimbo za kwaya, alipo mnyamata amene amatilakatulira pa chikondwerero cha 6 Julaye mpaka ena n'kupukuta misozi mobisa, alipo mlembi wathu amene amasunga zokambirana za misonkhano. Kumudzi aliko amalume aja adapuma pa uphunzitsi, amene akhala akunena kwa zaka zambiri kuti tsiku lina adzalemba mbiri ya mtundu wathu, komwe makolo adachokera ndi chifukwa chimene adasamukira. Alikonso mwana wa achemwali wa Fomu 3 amene kumapeto kwa kope lake la sayansi kwadzaza nthano zopeka yekha. Banja lililonse lili naye munthu wotere, ndipo kawirikawiri amakhala wofatsa, wosapemphapempha, n'chifukwa chake timamuiwala.

Mukalowa m'sitolo nyengo ino n'kunena kuti mukufuna mphatso ya munthu wokonda kulemba, adzakulozerani pashelefu ya zonyezimira: cholembera chogona m'kabokosi ngati mphete ya ukwati, buku lopanda mawu lokutidwa ndi chikopa, kapu ya tiyi yolembedwa nthabwala. Mtengo wa cholembera chimodzi chotere ukhoza kugulira makope kalasi yonse ya kumudzi. Ife zinthu zimenezi sitikhulupirira kuti zidalembetsapo munthu nkhani. Tidaphunzira unamwino kwathu mpaka kulandira dipuloma, ndipo kuno takhala zaka zambiri tikusamalira okalamba. M'zipinda zawo taona mabuku achikopa ambiri, mphatso za adzukulu, ndipo pafupifupi onse ali ndi dzina ndi deti patsamba loyamba, kwinako mbee. Buku lokongola limaopsa, munthu amaona ngati alidetsa. Mawu amene tawapeza ali ndi moyo tawapeza kuseri kwa maenvulopu, m'mphepete mwa kalendala, pakapepala kopindidwa n'kubisidwa m'Baibulo.

Mzinda tikukhalawu uli ndi chitsanzo chake. Albert Facey adabadwa m'chaka cha 1894, adayamba kugwira ntchito m'mafamu a Western Australia ali ndi zaka 8, ndipo kuwerenga ndi kulemba adadziphunzitsa yekha. Adamenya nawo nkhondo ku Gallipoli mu 1915, kenako adagwira ntchito zaka zambiri pa matiramu a muno mu Perth. Atakalamba, molimbikitsidwa ndi mkazi wake Evelyn, adayamba kulemba za moyo wake m'makope wamba pa tebulo la kukhitchini. Zolembazo adazitumiza ku Fremantle Arts Centre Press pofuna kuti amusindikizire mabuku ochepa chabe ogawira abale. Buku lija, A Fortunate Life, lidatuluka mu 1981, mwini wake n'kumwalira chaka chotsatira, ndipo mpaka lero ndi limodzi mwa mabuku okondedwa kwambiri m'dziko lino. Zipangizo za mkuluyu zinali kope, tebulo ndi munthu wa m'nyumba womuuza kuti alembe.

Ife Amalawi kufunika kwa pepala tiyenera kukudziwa kuposa ena. Jack Mapanje, amene adali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa mu Seputembala 1987 n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu Meyi 1991. Mlakatuli wosaloledwa cholembera amayenera kusunga ndakatulo m'mutu, kuzibwereza usiku ndi usana kuti zisathawe, ndipo zina mwa izo zidadzatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Ku Kenya, malemu Ngugi wa Thiong'o adalemba buku lathunthu m'chilankhulo chake cha Chikikuyu pa mapepala a kuchimbudzi ali m'ndende ya Kamiti mu 1978. Olamulira ankhanza amadziwa bwino chimene wolemba amasowa, n'chifukwa chake choyamba kumulanda chimakhala pepala. Tsono mphatso yoyamba ndi yapafupi: makope wamba khumi ndi bokosi la mabolopeni. Ngati wolembayo ali kumudzi, musadzaze nawo sutikesi. Tumizani ndalama kwa munthu wodalirika akagule konko, ndipo anene momveka kuti awa si makope a kusukulu, ndi a nthano zija. Mawu amenewo ndi theka la mphatsoyo, chifukwa mwana amamva kuti wina kutali waona zimene amachita ndipo sakumuseka.

Pamodzi ndi makope pakhale kuwala. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi, ndipo ngakhale m'tauni amathimathima. Munthu wa kumunda kapena wa pamsika nthawi yake yolemba ndi usiku. Nyali ya sola, makamaka ija yokhala ndi potchajira foni, imamuwonjezera maola awiri kapena atatu tsiku lililonse. Achinyamata ambiri tsopano amalemba pafoni, chala chimodzichimodzi, choncho kuwagulira bandulo ya intaneti ya mwezi wathunthu n'kuwapatsa njira yotumizira ndakatulo zawo ku nyuzipepala ndi ku mipikisano. Laputopu yanu yakale, bola batire likhale lamoyo, ndi chuma.

Koma kwa olemba amene tili nawo kuno, pepala ndi magetsi si vuto. Vuto lawo ndi nthawi, ndipo apa m'pamene tikufuna tikhalitsepo. Ambiri a ife timagwira ntchito za mashifiti. Timadzuka kusanache kukasambitsa, kuveka ndi kudyetsa makolo a eni, tikaweruka timathamangira ana kusukulu, ena n'kupitirira ku ntchito yachiwiri chifukwa lendi ikudikira, fizi ya mphwathu ikudikira, maliro kumudzi sachenjeza. Amene ali pa shifiti ya usiku amagona masana dzuwa likuwomba pazenera. Munthu wotere akhoza kukhala ndi buku lonse m'mutu mwake, koma akagwira cholembera tulo timamupeza pa chiganizo chachitatu. Kwa amayi n'kopambana, pakuti kumudzi mwana amalelwa ndi mudzi wonse, pamene kuno kulibe agogo, kulibe azakhali, kulibe mnansi woti n'kumusiyira mwana popanda kupangana sabata yathunthu isanafike.

Nanga bwanji mphatso yanu itakhala Loweruka? Lembani pa khadi kuti: Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira Januwale mpaka Juni, ana anu tidzawatenga ife m'mawa n'kuwabweza madzulo atadya. Kapena, kwa inu abambo: Lamlungu masana khitchini ndi yanga. Kapena kwa mnzanu wa kuntchito: shifiti yako ya tsiku lakuti ndisinthana nawe. Mphatso imeneyi ilibe lisiti, koma ndi yodula kuposa cholembera chagolide, chifukwa imachotsedwa pa kupuma kwanu komwe. Chofunika n'chakuti woperekayo asafunse madzulo kuti, nanga mwalemba masamba angati? Tsiku lina wolemba amangokhala duu kuyang'ana khoma, ndipo nayonso ndi ntchito. Komanso womulandirayo asalole kuti tsikulo lithere kuchapa makatani. Atuluke m'nyumba. State Library of Western Australia ili ku Northbridge, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima. Kulowa n'kwaulere, muli matebulo, muli bata, ndipo m'chilimwe chino mumazizira bwino. Malaibulale a m'madera mwathu nawonso salipiritsa.

Kwa amene afika poti akufuna anzawo oti azisulana nawo, mukhoza kuwalipirira umembala kapena kosi yaifupi. Ku Greenmount kuli Katharine Susannah Prichard Writers' Centre, m'nyumba imene mlembi wa dzinalo ankakhala, ndipo magulu a olemba amakumana kumeneko. Ku Northbridge kuli Centre for Stories, imene idayamba mu 2015 ndipo imaika mtima pa nkhani za anthu obwera ndi ena amene mawu awo samveka kawirikawiri. Sisonke Msimang, mlembi wa ku South Africa amene ubwana wake wina adakulira ku Zambia ndipo adakhazikika kuno ku Perth, wagwira nawo ntchito kumeneko. Buku lake la 2017, Always Another Country, likhoza kukhala mphatso yabwino kwa mwana wathu aliyense amene amadodoma akafunsidwa kuti kwanu n'kuti. Ena a ife timachita manyazi kulowa m'malo otere poganiza kuti Chingerezi chathu chili ndi kafungo ka kumudzi. Kafungo kameneko ndi kamene ena onse m'chipindamo alibe.

Tsopano za chilankhulo. Kunena zoona, ife osamalira okalamba timalemba tsiku lililonse kuposa alakatuli ambiri. Pakutha pa shifiti timakhala pa kompyuta: wadya theka la chakudya, wamwa mankhwala, wagona bwino, khungu lili bwino. Unamwino udatiphunzitsa kulemba zimene taona zokha, mwachidule, popanda zokometsera, ndipo limenelo ndi phunziro labwino kwa wolemba aliyense. Koma zonsezo timalemba m'Chingerezi. Chichewa chathu chatsala cha pa WhatsApp, chodulidwadulidwa, chosakaniza, ndipo mawu ena akutithawa osatsanzika. Tayesani kufunsa pa msonkhano wathu kuti ndani angatchule mitundu isanu ya bowa, kapena kusiyanitsa nkhokwe ndi chikwa, kapena kunena dzina la mvula yoyamba ija imagwa dzinja lisanakhazikike. Anthu amayamba kuyang'ana kudenga. Wolemba amene mawu akumuthera ali ngati mmisiri amene sompho lake labuntha.

N'chifukwa chake tikupempha onse amene mukupita kumudzi mwezi uno kuti pobwerera musiye malo a makilogalamu awiri m'sutikesi. Usipa, nyemba ndi ziboliboli mumayenera kuziulula pa fomu ya pabwalo la ndege, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati zidutsa; buku limadutsa popanda wolifunsa. Funani Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies a ku University of Malawi adatulutsa m'chaka cha 2000, womasulira mawu a chilankhulo chathu m'chilankhulo chathu chomwe. Funani buku la bambo Joseph Chakanza la miyambi 2000 ya Chinyanja. Ndipo funani mabuku aja tidawerenga kusukulu tikuopa mayeso, osadziwa kuti tikudya mafuta: Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Josia Nthara, Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe, Ntchito ya Pakamwa ya E.J. Chadza, Njala Bwana ya Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba, ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Ena mwa mabukuwa ndi osowa tsopano. Yambani m'masitolo a CLAIM, mukalephera pitani kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya Limbe ndi Lilongwe, amene nthawi zina amadziwa mabuku kuposa a m'sitolo. Likhale long'ambika chikuto, lolembedwa dzina la mwana wa sukulu wosadziwika, palibe kanthu. Kwa wolemba wa kuno amene wakhala zaka khumi osawerenga ndime yathunthu ya Chichewa chokhwima kupatula Buku Lopatulika, limeneli ndi phwando.

Palinso olemba amene adasindikiza kale, ndipo kwa iwo mphatso ndi imodzi: kugula. Tili ndi chizolowezi choipa pa nkhani imeneyi. Mnzathu akatulutsa buku timamuyamikira pa Facebook ndi mawu okoma, kenako timamulembera mseri kuti atitumizire laulere pafoni, poti ndife abale. Munthu yemweyo sangapemphe telala kuti amusokere suti yaulere. Kusindikiza buku ku Malawi n'kodula, pakuti mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zidakwera mtengo. Olemba ambiri amalipira okha kwa osindikiza, mabuku n'kuunjikana pansi pa bedi. Ife amene timalandira madola tikhoza kugula awiri, limodzi lathu, lina la laibulale ya sukulu imene tidaphunzirako. Musaiwale kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adapanga makina ake a mphepo ataona chithunzi m'buku limene adalipeza m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo. Wina adaliika pashelefu paja osadziwa amene adzalitole.

Mwina ngakhale bungwe lathu likhoza kuchitapo kanthu. Buku la Nthondo lidadziwika chifukwa cha mpikisano: mu 1933 Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adapambana mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi kukhala Man of Africa. Tikadati aliyense wa ife aike pambali ndalama ya khofi wa masiku awiri, ikadakwana mphotho ya nkhani yaifupi ya m'Chichewa pa sekondale imodzi kapena ziwiri. Tangoiponya nkhaniyi kuti a komiti aione.

Mphatso imene ili pamtima pathu kwambiri taisungira kuno. Pa ntchito yathu timaona tsiku ndi tsiku mmene matenda oiwalaiwala amafufutira munthu pang'onopang'ono. Amayamba kuiwala chimene wadya m'mawa, kenako maina a adzukulu, kenako msewu wa kwawo. Za ubwana ndi nyimbo zimakhalitsa, koma nazonso zimapita. Ena mwa okalamba athu adabwera kuno kuchokera ku Italy, ku Greece kapena ku Croatia nkhondo yachiwiri itatha. Pamapeto Chingerezi chimawathawa, amabwerera ku chilankhulo cha amayi awo, ndipo adzukulu amaima m'mbali mwa bedi osamva kanthu. Tikaona zimenezi sitilephera kudzifunsa kuti ife tikadzafika pamenepo, tikuitana amayi m'Chichewa, ndani adzatimve. Mabanja ena amatibweretsera kabuku ka mbiri ya kholo lawo, ka zithunzi ndi mawu ochepa: adabadwira kwakuti, ankagwira ntchito yakuti, galu wake adali wakuti. Kabuku kotere kamasintha kasamalidwe kathu. Munthu amene akukana kusamba, ukamutchulira dzina la mudzi wake, nkhope imamasuka. Mabanja ena amafika titatseka kale chitseko cha chipinda n'kumatifunsa ife alendo kuti, kodi adanenapo chilichonse?

Sally Morgan, amene adakulira muno mu Perth, adauzidwa ali mwana kuti makolo ake adachokera ku India. Atakula adazindikira kuti ndi wa mtundu wa eni nthaka, Aaborijini, ndipo adatenga makina ojambulira mawu n'kukhala pansi ndi amayi ake, agogo ake ndi mlongo wa agogowo. Mawu awo ndiwo mtima wa buku la My Place, limene lidatuluka mu 1987. Ife makina otere tili nawo m'thumba aliyense. Makolo athu akukalamba kutali nafe, ndipo tikaimba foni, poti Perth ili patsogolo ndi maola 6, timayankhula mothamanga za ndalama, za feteleza, za mankhwala, n'kudula. Tsono ngati mukupita kumudzi, khalani pakhonde ndi agogo madzulo atatu, foni ili pamphasa ikujambula. Ngati simukupita, mugulireni mayunitsi mwana wa Fomu 3 uja, mumutume ndiye. Afunse za njala ya 1949 ngati agogowo adaiona kapena adaimva kwa makolo awo, za amuna amene adapita ku Joni pa Wenela ndi ku Salisbury osabwerako, za mmene makadi a chipani ankagulitsidwira pakhomo la msika, za tsiku la riferendamu mu Juni 1993, za amene adapatsa mudzi dzina. Mawuwo muwapereke kwa wolemba wa m'banja mwanu. Palibe sitolo ku Hay Street imene ingamugulitse zoterezi.

Pochita zimenezi pakhale ulemu. Agogo ake a Sally Morgan adakana kunena zina mpaka kumwalira, ndipo mdzukuluyo adazisiya choncho. Kwathunso zilipo za kudambwe ndi za kutsimba zimene sizilembedwa, zilipo zilonda za m'banja zimene mwini wake yekha ndiye angasankhe kuzivundukula. Pemphani chilolezo musanayatse foni, ndipo mkulu akati apa zimitsa, zimitsani. Musawadule mawu akasochera n'kuyamba za mbuzi imene idatayika mu 1970. Kawirikawiri nkhani yeniyeni imabisala kuseri kwa mbuziyo.

Zikadzalembedwa, mudzaziwerenge mpaka kumapeto, osangoti zili bwino mutaona tsamba loyamba lokha. Muuzeni wolembayo pamene mudaseka, pamene mudasokonezeka, ndi pamene agogo sakadayankhula choncho. Muwawerengere ana anu mokweza, ngakhale azifunsa tanthauzo la liwu lililonse lachitatu.

Ambiri a ife pa 25 Disembala tidzakhala pa ntchito, titavala tizipewa tofiira, tikudyetsa okalamba amene abale awo sadabwere. Amene mukukwera ndege kudzera ku Johannesburg, muyende bwino, mukapereke moni kumudzi, ndipo musaiwale makilogalamu awiri aja. Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere kwa inu nonse ndi mabanja anu.